Buku la Amake Ursula

A Amock Njobvu a ku Kabwata anali munthu woti akaona cholakwika, chimawayabwa mpaka atachitchula. Sichinali chipongwe ayi, ntchito ndi imene inawaumba choncho. Anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete ali mnyamata, potsatira amalume awo, ndipo amalumewo anawapezera malo pa kampani ina yosindikiza mabuku cha ku Emmasdale. Anayamba ndi kunyamula mitolo ya mapepala, kenaka kupinda ndi kumata, mpaka anadzapatsidwa tebulo lawolawo pafupi ndi windo. Ntchito ya patebulopo inali yowerenga chilichonse chisanapite ku makina: makalendala, mabuku a nyimbo, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro. Anakalambira pomwepo, bolopeni yofiira ili m'manja. Diso lawo linazolowera kudumpha mizere yonse yabwino n'kukatera pa chilembo chimodzi chimene chasowa.

Diso lotere silitsala ku ntchito munthu akaweruka. M'minibasi a Njobvu ankawerenga mawu omatidwa pagalasi n'kumuuza kondakitala pamene wolembayo anaphonya. Ku msika wa Kabwata ogulitsa ankawadziwa bwino. Ena ankachita kuwaitana kuti awaonere chikwangwani chisanapachikidwe, ena akawaona akubwera ankangoyang'ana kumbali. Ku tchalitchi cha Reformed, kumene anali mkulu wa mpingo, achinyamata anawapatsa dzina loti ba Fulusitopu. Iwo analidziwa dzinalo, ndipo pansi pa mtima silinkawanyansa.

Munthu yekhayo amene sankawaopa anali akazi awo, a Winifred, amene aliyense pamzere wa nyumba zawo ankawatchula kuti amake Ursula, potengera mwana wawo mmodzi yekhayo. Anali telala. Makina awo osokera ankakhala pakhonde, ndipo ana ambiri a m'deralo anakulira m'mayunifolomu osokedwa ndi manja awo. Awiriwa ankatsutsana pa chilichonse: mchere wa m'ndiwo, nyimbo imene kwaya yaiwononga, njira yachidule yopita ku Chilenje. Ankatsutsana mosakwiya, ngati anthu amene akusewera nsolo, ndipo alendo ankadabwa kuona kuti mkangano uli mkati wina akumuthirira mnzake tiyi.

Amake Ursula anali ndi buku limodzi limene ankalikonda kuposa ena onse. Analigula kwa anthu oyala mabuku akale pansi m'mbali mwa msewu wa Cairo, Ursula akadali kumsana. Linali lachingerezi chosavuta, ndipo linabwera lopanda chikuto, masamba oyamba atathothoka, kotero kuti panalibe wodziwa mutu wake kapena amene analilemba. Iwo analisokera chikuto cha nsalu ya khaki yotsala pa makabudula a sukulu, ndipo m'nyumbamo linkangotchedwa buku la Salifyanji, dzina la mkazi wa m'nkhaniyo.

Salifyanji ameneyu ankakhala pa kasiteshoni ka sitima kutali kumpoto, pakati pa tchire. Mwamuna wake anakwera sitima kukafuna ntchito, n'kulonjeza kuti adzabwera mvula ikamayamba. Mvula inayamba, inatha, inayambanso. Mkaziyo ankagulitsa nthochi m'mawindo a sitima, kulera mwana, kusesa pabwalo, kukana amuna omufunsira. Nkhani yake inali yomweyo basi. Chaka chilichonse nyengo yozizira, ntchito ya mayunifolomu ikachepa, amake Ursula ankayala mphasa padzuwa, n'kutsamira khoma, n'kuliwerenga kuyambira poyamba. Pena ankaseka okha, pena ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

A Njobvu analiyesapo kamodzi, tsitsi lawo likadali lakuda. Iwo zowerenga zawo zinali mabuku a mbiri ndi nyuzipepala, zinthu zoti zinachitikadi. Sanapite nalo patali.

"Amake Ursula, m'buku umu mulibe kanthu," anatero. "Munthu angokhala, kudikila, kusesa. Ndiye nkhani imeneyo?"

"Bweletsani kuno, si lanu," anayankha akazi awo, n'kulilanda.

Zinathera pomwepo, ndipo kwa zaka zambiri bukulo silinawayambanitsenso. Wina ankawerenga nyuzipepala pampando, wina buku lake pamphasa.

Nthawi inapita. A Njobvu anapuma ntchito, Ursula anakwatiwa n'kukakhala ku Chelstone. Ndiye kunabwera matenda a shuga. Madokotala anawapeza nawo amake Ursula mochedwa, atayamba kale kudya maso. Poyamba ankalephera kulowetsa ulusi pa singano, a Njobvu n'kumawalowetsera. Kenaka msoko unayamba kukhota. Tsiku lina mayi wina anabweza diresi la mwana wake, akulankhula mwaulemu ndithu, ndipo atangochoka amake Ursula anaphimba makina aja ndi nsalu, osadzawavundukulanso.

Pano chilungamo chinenedwe: a Njobvu anawasamala akazi awo. Anaphunzira kubaya jakisoni wa m'mawa, anaphunzira kuphika ndiwo zamasamba zopanda mafuta ambiri, ku chipatala ankaima pamzere m'malo mwawo kuti odwalawo akhale pabenchi. Ankawasambitsa mapazi n'kuyang'ana pakati pa zala mosamala, poopa kachilonda. Amayi a Chigwirizano akabwera kudzazonda ankatuluka akunena kuti amuna otere atsala ochepa mu Lusaka.

Mwezi wa Juni utafika, kukuzizira, amake Ursula anapempha kuti awayalire mphasa padzuwa. Atakhazikika anati:

"Atate ake Ursula, m'kabati muli buku langa lija. Maso anakana. Mungandiwelengeleko?"

A Njobvu anavomera ndi mtima umodzi. Kuwerenga mokweza ankakudziwa, pakuti ku tchalitchi ndi iwo ankawerenga Mawu abusa akachokapo. Anakoka mpando, anavala magalasi, anakonza pakhosi, n'kuyamba. Tsamba loyamba linayenda bwino. Pa lotsatira anaima.

"Apa asiya chilembo."

"Welengani chabe."

"Ndiwelenga. Koma taonani, na apa fulusitopu palibe. Amene anaona mapulufu a buku ili lisanasindikizidwe anali kugona pa nchito."

"Ine sindiona, atate ake Ursula. Kwa ine fulusitopu ni pamene mwaima inu."

Anaseka onse awiri, ndipo a Njobvu anapitiriza. Tsiku limenelo linali labwino.

Koma masiku otsatira zilembo zosowa zinasanduka nkhani yaing'ono. A Njobvu anayamba kulimbana ndi bukulo lenilenilo. Sitima imene kumayambiriro inkafika m'mawa, apa ikufika masana, bwanji? Nthochi zogulitsa chaka chonse akuzitenga kuti, m'tchire mopanda dimba? Mkazi wanzeru zake akanakwera sitima yomweyo kukamufuna mwamunayo, osati kukalambira papulatifomu. Akafika pamene wolemba akufotokoza mitambo, kapena fungo la njanji dzuwa likaswa, ankausa moyo n'kuthamanga ndi mawu ouma ngati akuwerenga zolengeza za mpingo. Akafika pamene kapitawo wa pasiteshoni akumufunsira Salifyanji, ankasintha mawu, kuwachepetsa monyodola.

Iwo m'maganizo mwawo ankati akusangalatsa wodwala. Si ndi mmene ankachezera kuyambira kale? Ankaponya mawu n'kudikira kuti abwezeredwe. Poyamba amake Ursula ankabweza ndithu. Kenaka mayankho anayamba kufupika, mpaka anangotsala akuti, "Pitilizani." A Njobvu sanachione chimenechi. Munthu amene ankaona kadontho kosowa pakati pa tsamba lodzaza sanaone kuti nkhope ya akazi awo yasiya kutembenukira kumene kukuchokera mawu.

Masana ena, atatopa ndi kutalika kwa mutu wina, anatembenuza masamba angapo pamodzi mwakachetechete n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

"Mwalumpha," anatero amake Ursula.

"Sindinalumphe."

"Mwalumpha pamene asamba mutu ndi madzi a mvula yoyamba. Atchela beseni pansi pa malata a pa siteshoni."

"Aa, amake Ursula, masamba onsewa munthu angosamba mutu! Tikafika liti kumene kuli nkhani?"

"Nkhani ni yomweyo."

A Njobvu anatseka bukulo chala chili mkati, n'kuvula magalasi. Panali chinthu chimene anakhala akuchiganiza masiku onsewo, ndipo anaona kuti nthawi yake yakwana. Anachinena mofatsa, ngati dokotala amene wapeza nthenda.

"Ine ndadziwa chimene mulikondela buku ili. Si kuti ni labwino iyai. Ni chifukwa cha atate anu amene anapita ku migodi ya ku Wanki osabwelanso. Mukamva Salifyanji muona amai anu. Chotsanipo zimenezo, buku ili latsala mapepala chabe."

Panja pa mpanda panadutsa munthu wogulitsa makala akuitanira malonda, mpaka mawu ake anazimirira.

"Si zimenezo," anatero amake Ursula pomaliza.

"Nanga n'chiyani? Ndiuzeni, na ine ndimvetse."

"Sindidziwa. Ndilikonda chabe."

"Munthu sangakonde chinthu osadziwa chifukwa chake."

"Tsekani, atate ake Ursula," anatero akazi awo, mawu ali pansi. "Kale mukalinyoza ndinali kulilanda, n'kukhala nalo pa ine ndekha. Lelo lifunika lipite m'kamwa mwanu kuti lifike kwa ine. Lifika litazizila. Tsekani, mundithandize kuima, msana wawawa."

Anawathandiza kuimirira, anapinda mphasa. Mumtima a Njobvu ankaona ngati ndi umodzi mwa mikangano yawo ya masiku onse, ndipo kunena zoona ankamva kakukoma ka munthu amene wapambana. M'mawa mwake anatulutsa mpando ndi buku pa nthawi yake. Amake Ursula anati atopa. Tsiku linalo anati mutu ukuwawa. Bukulo linabwerera m'kabati.

M'nyumba yoyandikana ndi yawo munkakhala a Febby, mayi wamasiye wobadwira mu Lusaka momwemo, amene ankagulitsa nyemba ndi kapenta ku msika. Sukulu sanapite nayo patali. Masana ena a Njobvu pobwera kogula mankhwala anamva mawu pakhonde pawo, achingerezi chopunthwapunthwa, chokoka chilembo chilichonse ngati ngolo yokwera chitunda. Atasuzumira anaona a Febby atakhala pamphasa, miyendo atatambasula, buku la khaki lili pamwendo, chala chikuyenda pansi pa mzere. Amake Ursula anali atatsamira khoma, maso ali chitsekere, milomo ikuyenda. A Febby akakakamira pa liwu lovuta, iwo ankalitchula, pena n'kumaliza chiganizo chonse pamtima.

"Mwabwelako, ba Njobvu," anatero a Febby. "Banipatsa nchito ya ba ticha lelo."

"Mwachita bwino," anayankha iwo, n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo a Febby ankabwera masana alionse akaweruka ku msika. A Njobvu ankapita kuseri kwa nyumba kukathirira repu ndi anyezi wawo, koma mawu ankawapeza komweko. Makutu awo ankawawa ndi katchulidwe ka a Febby. Liwu lililonse lopotozedwa linkawalasa, ndipo kangapo anatsala pang'ono kufuula matchulidwe oyenera kudzera pawindo. Koma chimene chinkawawa kwambiri chinali kuseka. Akazi awo ankaseka ngati kale, kuseka kochokera m'mimba, pa mawu omwe aja a kapitawo amene iwo ankawanyodola. Tsiku lina anamva a Febby asiya kuwerenga n'kufunsa kuti, "Amake Ursula, mulila?" Ndipo anamva yankho: "Iyai, pitilizani, ni pabwino apa." A Njobvu anaima chigubu chili m'manja, madzi akutayikira pa nsapato.

Akanatha kuzungulira nyumbayo n'kukakhala nawo. Akanatha kunena kuti, ba Febby, pumulani, ndipitilize ndine, ndipo ulendo uno ndiwerenga chabe. Mawuwo anawakonza ndithu, kangapo. Koma ankadziuza kuti a Febby atopa okha, si munthu wa mabuku, ndipo akatopa amake Ursula adzawapempha iwo. Ankadikira kupemphedwa.

Ursula atabwera Loweruka lina ndi zakudya za amayi ake, anaona zimene zikuchitika. Anawapeza bambo ake kudimba kuja.

"Atate, chifukwa chani amama awelengeledwa na ba Febby imwe mulipo?"

"Afunse amako."

"Nawafunsa. Akuti munatopa nalo. Mukapepese chabe, atate, zisile."

"Ndipepese chani? Kuti ndinanena zoona? Buku lija ni loipa, Ursula. Ndagwila mabuku moyo wanga wonse, ndidziwa."

"Nanga ngati ni loipa? Chakonda mnzako mlekele. Simuli pa nchito apa."

A Njobvu anangowerama n'kuzula udzu umene panalibe. Madzulo ake anawasambitsa mapazi akazi awo monga mwa masiku onse, anawapaka mafuta, anawafunsa ngati madzi sakutentha kwambiri. Za buku sanatchule, ndipo akazi awonso sanatchule. Sanali okwiyirana. Ankacheza za Ursula, za magetsi ozimazima, za mtengo wa mankhwala. Chinthu chimodzi chokhacho ndicho chinachotsedwa pakati pawo n'kuperekedwa kwa munthu wina.

Mwezi wa Ogasiti uli pakati, amake Ursula anayamba kutupa miyendo ndi kusanza. Ku chipatala anati impso zafooka, n'kuwagoneka. A Njobvu ankapita m'mawa ndi masana, atanyamula fulasiki ya phala. Tsiku lina potuluka m'nyumba anabwerera, n'kutsegula kabati, n'kuika buku lija m'thumba la jekete. M'minibasi monse dzanja linali pathumbapo.

Koma m'wodi munali modzaza. Bedi loyandikana ndi lawo linali litazunguliridwa ndi abale oimba nyimbo, kwina wailesi, kwina mwana akulira, anamwino akukankha matebulo a mankhwala. Amake Ursula anali ofooka, akugona n'kudzidzimuka. A Njobvu anatulutsa bukulo n'kuliika m'dzanja lawo. Zala zija zinayenda pa nsalu ya khaki, zinapeza msoko wa m'mphepete umene zinasoka zokha kalekale.

"Mwabwela nalo," anatero.

"Ndabwela nalo. Ndiwelenge?"

"Muno muli phokoso. Tikabwelela ku nyumba."

Sanabwerere kunyumba. Anamwalira sabata yomweyo, Ursula ndi a Njobvu ali pambali pa bedi.

Maliro anali aakulu. Amayi a Chigwirizano anadzaza pabwalo ndi mayunifolomu awo, ndipo kunabwera anthu akuluakulu, ena a magalimoto ochokera ku Woodlands ndi ku Kabulonga, amene ankati kabudula wawo woyamba wa sukulu anasokedwa pakhonde limenelo. Pa pulogalamu ya maliro, imene achinyamata a mpingo anaisindikiza mofulumira, dzina la malemu linalembedwa kuti Winfred. A Njobvu anachiona asanakhale n'komwe pansi. Anayang'ana pamene panasowa chilembopo nthawi yaitali, kenaka anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba. Sanauze munthu.

Anthu atabalalika, Ursula anawachonderera kuti akakhale naye ku Chelstone. Iwo anakana, anati nyumba siingatsale yokha. Ndipo m'masabata otsatirawo, m'nyumba muli zii, anachita chinthu chimene sanachitepo: anakhala pampando wawo pakhonde n'kuwerenga buku la Salifyanji kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadumpha mzere.

Analiwerenga ndi mtima wofuna kulikonda. Ankayembekezera kuti mwina tsopano, chisoni chitawafewetsa, chitseko china chitseguka ndipo aona chimene akazi awo ankaona. Pamene Salifyanji akusamba mutu ndi madzi a mvula anawerengapo kawiri, pang'onopang'ono. Anaona mkazi, beseni, malata, madzi. Sanamve kalikonse. Mitambo ija inali yotalikabe, kapitawo anali wotopetsabe, sitima inkafikabe pa nthawi zosemphana. Atatseka tsamba lomaliza anadziwa kuti bukulo sakulikonda, ndipo sadzalikonda. Chimenechi chinawapweteka kuposa mmene ankaganizira. Likanawakomera, bwenzi akuti wakhungu anali iwowo, tsopano aona, ndipo bwenzi ali ndi kanthu kogawana ndi malemuwo ngakhale mochedwa. Koma ayi. Panali malo ena mwa akazi awo amene iwo anakhala pafupi nawo zaka zonsezo osalowamo, ndipo wowalowetsa anali atapita.

Masana ena anatenga bukulo n'kugogoda kwa a Febby. Anawapeza kuseri, akusankha nyemba m'lichero. A Febby anawapatsa mpando, eni akewo n'kubwerera pansi.

"Ba Febby, ndabwela na funso. Inu munawelenga nawo buku ili. Anakuuzankoni chimene anali kulikondela?"

A Febby anapukusa mutu. "Sibanakambe. Na ine sininafunse."

"Nanga inu, munaonamo chani chabwino?"

A Febby anayang'ana bukulo, anayang'ana a Njobvu, kenaka anaseka mwamanyazi, dzanja lili pakamwa.

"Ba Njobvu, nikuuzeni zoona, Mulungu aniona. Ine buku iyo inali kunigonetsa tulo. Chizungu chonivuta, nkhani siyenda. Penangu nenze kuwelenga, mutu uli ku msika, niganiza kapenta yanga."

A Njobvu anafunsa modabwa:

"Simunalikonde?"

"Olo pang'ono."

"Nanga masiku onse aja? Munali kuseka pamodzi."

"Nenze kuseka chifukwa beve baseka. Mukanaona nkhope yao, ba Njobvu. Nikafika pa mau yamene bakonda, benze kuchita monga munthu wamva fungo ya mvula. Manje ine nikambe chani? Buku ni yao. Ine nenze chabe maso."

Anapitiriza kusankha nyemba, akutaya timiyala pambali. Sanalankhule modzudzula ayi, ankangofotokoza mmene zinalili, ndipo n'chifukwa chake mawuwo analowa kwambiri. A Njobvu anakhala akuyang'ana pansi. Nthawi yonseyi ankaganiza kuti a Febby anawaposa chifukwa anapezamo chokoma chimene iwo analephera kupeza. Tsopano anaona kuti pa za bukulo iwo ndi a Febby anali mbali imodzi. Chimene chinkafunika pakhonde paja sichinali kulikonda. Chinali chinthu chaching'ono kwambiri, choti akanachitha tsiku lililonse, ndi chingerezi chawo chabwinocho.

"Sitinasilize," anatero a Febby patapita kanthawi. "Tinalekela pamene mwana wake ayenda ku tauni. Beve benze kuziba mathelo, koma sibananiuze, ati bazanionongela. Imwe mwasiliza?"

"Ndamaliza."

"Niuzenkoni. Mwamuna uja anabwela?"

A Njobvu anaika bukulo pamaondo, osalitsegula. Anayamba kufotokoza, ndipo anadzigwira kuti anene zimene zinalembedwa zokha. Anati Salifyanji anakalamba pasiteshoni pomwepo. Tsiku lina sitima itaima, pawindo lina panasuzumira nkhalamba ya imvi, yovala chipewa, n'kuitanitsa nthochi. Salifyanji atayandikira anamuzindikira mwamuna wake. Anakweza lichero. Mwamunayo anasankha nthochi zake, akuyang'ana nthochizo, osati wogulitsa. Wolemba sananene ngati anamuzindikira kapena ayi. Sitima inalira, inanyamuka. Salifyanji anaima mpaka utsi unatha, kenaka anabwerera kunyumba, n'kukatenga tsache, poti mphepo inali itagwetsa masamba pabwalo.

A Febby anadikira. "Manje?"

"Basi. Lathela pamenepo."

"Aa! Sanakambe kanthu? Sanamuitane na dzina?"

"Iyai."

"Zaka zonse zija! Ine sembe ninamudonsa pa windo pamene apo, chipewa chake chigwe pa njanji." A Febby anawomba m'manja kamodzi, n'kupukusa mutu. "Manje amake Ursula benze kukondamo chani mu nkhani ya so?"

A Njobvu anafuna kuwayankha a Febby mwamphamvu, kuwauza kuti asalankhule choncho, kuti akazi awo sanali munthu wokonda zopanda pake. Koma atafufuza mawu oti atetezere nawo bukulo, sanawapeze. Zimene a Febby ananena ndi zomwe iwonso ankaganiza.

"Sindidziwa, ba Febby," anatero. "Ndinawafunsa kamodzi, koma ndinafunsa moipa."

A Febby anapeta nyemba zija, mankhusu n'kuuluka, kenaka anathira zina m'kambale n'kuwapatsa.

"Mukaphike izi, sizichedwa kupsa. Mwayonda maningi. Ursula akabwela azakamba ati sitikuyang'anilani."

A Njobvu analandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kuimirira. Mpaka lero akukhalabe ku Kabwata okha. Ursula amabwera Loweruka lililonse kudzawachonderera za ku Chelstone, ndipo iwo amati aganizirabe.